Envelopu ya Novembala

Ku Rumphi ndinapitako mokakamizidwa. Kalata yondisamutsa itafika, anzanga a muofesi ku Dedza anandiseka kuti ndikukaphunzira Chitumbuka ndili ndi ndevu kale, pamene mayi anga anangofunsa funso limodzi, loti kaya kumeneko tchalitchi cha Katolika chiliko. Ndinawayankha kuti chiliko, ngakhale ndinali ndisanafufuze. Ndinali kalaliki wa boma, wosakwatira, ndipo ndisanalowe ntchito ndinakhalako zaka zinayi ku seminale mpaka ndinaona kuti unsembe si wanga. Kumeneko ndinachokako ndi zinthu ziwiri: kolona yakuda, ndi matenda okonda mtsutso. Kolonayo ndikadali nayo m'thumba. Matendawo ndi amene anandilakwitsa, ndipo ndi amene ndikufuna kufotokoza.

Nyumba za boma zinali zodzaza, choncho mnzanga wina wa kuntchito ananditengera kwa bambo wina amene anapuma pa uhedimasitala. Bamboyo anali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yake, chakumtunda kwa msika. Anali wamtali, wowonda, wovala tayi ngakhale popita kukathirira malalanje. Anali mkulu wa mpingo wa Apulezibeteriya monga analili bambo ake, ndipo zimenezi unkazidziwa usanamve n'komwe dzina lake. Atandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, anandifunsa kumene ndimapemphera.

"Ndine Mkatolika," ndinatero nditatukumula chifuwa.

"Palibe kanthu," anayankha. "Odwala nawonso amafuna pogona."

Akazi awo, amene anaima pakhomo atanyamula kiyi wa kanyumbako, anaseka mpaka kugwirira chitseko. "Adada, mlendo sanakhale n'komwe pansi," anatero. Kuyambira tsiku limenelo inenso ndinayamba kuwatchula kuti adada ndi amama, monga amachitira anthu a kumeneko. Adada ankanditchula kuti a Roma. Amama ankangoti mwana wane.

Ndikaweruka kuntchito ndinkapeza tiyi ali pathebulo la pakhonde, pambali pake pali mbatata kapena chinangwa chophika, ndipo adada atakhala pampando wawo, Baibulo lili pamwendo. Sankadikira kuti ndivule nsapato. "A Roma, bwerani mundiuze, kodi mafano anu aja lero adya?" Ine magazi ankathamanga nthawi yomweyo, koma mosangalala. Tinkakangana mpaka tiyi kuzizira. Kwa iwo mpingo unali anthu osonkhana kudzamva Mawu, olamulidwa ndi akulu osankhidwa ndi anthu omwewo, ndipo pakati pa munthu ndi Mulungu sipankafunika munthu wina wovala mkanjo. Munthu amapulumuka pokhulupirira, basi, zina zonse n'zokometsera. Ine ndinkati mpingo ndi mayi, amene amakusambitsa ukabadwa, kukudyetsa, kukumvera ukalakwa, ndipo sakusiya ngakhale utalowa m'manda. Adada ankadziwa Baibulo ngati njira ya kumunda kwawo, ankatchula mutu ndi ndime osatsegula. Ine ndinkawabweza ndi katekisimu komanso mbiri ya mpingo imene ndinaloweza ku seminale. Mphepo ya ku Rumphi ija ikayamba kuulutsa fumbi, tinkangophimba makapu ndi manja n'kupitiriza.

Amama sankalowerera. Ankakhala pamkeka chapatali akusankha nyemba kapena kusita bulauzi yawo yoyera ya gulu la amayi a mpingo, ndipo tikakweza mawu ankati, "Nonse awiri mukakafika kumwamba akakupatsani khonde lanulanu, kuti ena akapume." Ndinkaganiza kuti zokambazo sankazimvera. Ndinkalakwa, ankamva liwu lililonse.

Ndiyenera kunena kuti adada ndinkawakonda. Bambo anga anamwalira ndili ku pulayimale, ndipo ndinali ndisanakhalepo ndi munthu wamkulu wondipatsa nthawi yake tsiku ndi tsiku, ngakhale nthawiyo ikhale yonditsutsa. Nditadwala malungo, adada ndi amene anayenda wapansi kukauza akuntchito, n'kubwerera ndi malalanje m'matumba a jekete. Anandipempherera ataimirira, maso ali otseka, popanda chizindikiro cha mtanda, ndipo atamaliza anati, "Mwaona, lafika lokha, osadzera ku Roma."

Za kanyumba kamene ndinkagonamo ndinazimva patapita miyezi. Kanali ka mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo pakati pa atsikana atatu. Amama ndi amene anandiuza, tsiku lina Loweruka adada atapita ku seshoni, lomwe ndi bwalo la akulu a mpingo. Mwanayo anali wanzeru koma wosakhazikika. Sukulu anaisiyira panjira n'kutsikira ku Chiweta kukachita geni ya usipa, kumeneko anayamba mowa, n'kutenga mkazi popanda ukwati wa kutchalitchi. Seshoni inamuitana kawiri, iye osabwera, ndipo inamudula mumpingo. Pa akulu amene anagamula zimenezo, adada analipo, ndipo sanatuluke panja ngakhale anzawo anawapempha kuti atero. Patapita chaka ndi theka, lole imene mwanayo anakwera ndi matumba ake inagubuduzika pa makona a phiri lotsikira ku Chiweta. Anafera pomwepo.

Munthu wodulidwa saikidwa ndi mwambo wonse wa mpingo. Abusa, pomvera chisoni banja la mkulu wawo, anafuna kupeza njira yoti pakhale nyimbo ngakhale ziwiri. Adada anakana. Anati ana a anthu ena anaikidwa chete, ndiye lamulo silingapindike lero chifukwa wagona m'bokosiyo ndi wawo. Amayi a mpingo anabwera, koma osavala zoyera. Mkulu mmodzi anapempherera otsala, osati womwalirayo, chifukwa kwa iwo munthu akatsirizika nkhani yake yatsekedwa, palibe chimene wamoyo angawonjezere. Amama anandifotokozera zonsezi osalira, manja ali m'lichero. Pomaliza anati, "Nkhuku ikafa ndi chitopa timakwirira choncho." Kenako anandifunsa ngati denga la kuchipinda likudonthabe.

Kwathu ku Katolika mwezi wa Novembala ndi wa akufa. Kumapeto kwa Okutobala amagawa maenvelopu, munthu umalemba mayina a abale ako amene anatsogola, n'kukaika mudengu patsogolo pa guwa. Denguli limakhala pomwepo mwezi wonse, ndipo pa Misa iliyonse wansembe amapempherera onse olembedwamo, osawatchula mmodzimmodzi. Timakhulupirira kuti ambiri amafa asanayere kwenikweni, ndipo amayamba ayeretsedwa ku Puligatoriyo, kumene mapemphero a amoyo amawathandiza. Chaka changa chachiwiri ku Rumphi, amama anandipeza ndikulemba dzina la bambo anga patsinde pa mtengo wa malalanje. Anafunsa chimene ndinkachita, ndinawafotokozera, anangoti, "Oho," n'kupita kukaanula zovala.

Mawa lake m'mawa, adada ali kumunda, amama anagogoda pakanyumba kanga. Anali asanagogodepo, nthawi zonse ankangoitanira panja. Analowa, n'kukhala pampando wokhawo umene ndinali nawo, ndipo anatulutsa kapepala kong'ambidwa m'kope, kopindidwa kanayi. Panali dzina limodzi, la mwana wawo uja, lolembedwa ndi zilembo zopendekera zokongola zimene atsikana ankaphunzira ku sukulu za mishoni.

"Mwana wane, kodi mudengu lanulo amalandira ndi a mipingo ina omwe?"

"Amama, Mulungu safunsa khadi la mgonero," ndinatero. Kumpingo kwawo munthu sankadya mgonero popanda khadi loperekedwa ndi mkulu wa dera lake, ndipo adada ndi amene ankagawa makadiwo m'dera lathu.

Sanaseke. "Ine sindikudziwa ngati malo mukunenawo aliko. Adada akuti kulibe, ndipo adada amawerenga chomene. Koma manja angawa alibe chochita. Mwana akadwala umamuphikira phala. Akamangidwa umamupititsira chakudya. Nanga akaikidwa popanda nyimbo, umamuchitira chiyani?"

Ine wa mayankho ambiri uja ndinangolandira kapepalako ndi manja awiri.

"Adada asadziwe," anatero ataimirira. "Ngakhale ine nditafa, asadziwe. Akadziwa adzaona ngati ndawaweruza, ndipo ine sindinawaweruze. Anachita chimene amakhulupirira, ndipo chinawapweteka kuposa mmene anthu amaganizira. Walonjeza?"

Ndinalonjeza. Pofuna kupeputsa nkhani ndinawafunsa ngati iwonso ndidzawalembe tsiku lawo likadzafika. Apo ndiye anaseka. "Yayi, ine usadzandilembe. Ine adzandiimbira. Ndiponso adada angadzandipeze pamzere wa Aroma, ndingadzawauze chiyani?"

Zinayenda choncho zaka zisanu. Okutobala aliyense akamatha, kapepala katsopano kankapezeka pansi pa mbale ya ndiwo imene amama ankanditumizira, kapena m'thumba la malaya amene anandianulira. Sitinkakambanso za nkhaniyi. Lamulungu loyamba la Novembala ndikabwera ku Misa, ankandiyang'ana ali pamkeka pawo, ine n'kugwedeza mutu pang'ono, iwo n'kupitiriza kusankha nyemba. Madzulo ake ndinkakangana ndi adada monga mwa masiku onse. Kunena zoona, chinsinsicho chinkandikoma molakwika. Adada akamanyoza Puligatoriyo, mumtima ndinkati, mukanadziwa. Ndinkachisunga ngati mwala m'thumba, ndipo sindinadzifunse kuti munthu amasungira chiyani mwala.

Chaka chachisanu cha chinsinsichi amama anayamba kutupa miyendo. Matenda a shuga anali atawadya kwa nthawi yaitali osanena. Mu Ogasiti anagonekedwa m'chipatala, ndipo tsiku lina masana, mwana wawo wamkazi wochokera ku Mzuzu amene ankawadikirira atatuluka kukatsuka mbale, anandikodola. Anatulutsa kapepala pansi pa pilo. Zilembo zinali zonjenjemera koma zopendekera chimodzimodzi. "Ka chaka chino," anatero. "Okutobala ali kutali." Anamwalira sabata yotsatira.

Maliro awo anali a mtundu umene mpingo wawo umaudziwa bwino. Amayi ovala zoyera anadzaza bwalo mpaka kumsewu, ananyamula bokosi okha, ndipo nyimbo zinayamba m'mawa osaduka mpaka kumanda. Abusa atatu analipo. Adada anaima chilili, tayi ili pakhosi, akuimba ndime zonse osayang'ana m'buku. Manda a amama anakumbidwa pafupi ndi a mwana wawo uja, ndipo ndinaona kuti nthawi yonseyo adada sanayang'ane mbali imeneyo.

Ana atabwerera kwawo, pakhomo panazizira. Tiyi ankapanga adada okha, wopanda shuga wokwanira, ndipo mtsutso wathu unkayamba n'kuzima ngati nkhuni zaziwisi. Ndinkawamvera chisoni. Ndikunena zimenezi kuti zidziwike kuti chimene ndinachita sindinachichite chifukwa chowada.

Linali Lachisanu lomaliza la Okutobala, kukutentha, mphepo ikuwomba fumbi lochokera kumsika. Ndinadzera ku tchalitchi kukatenga envelopu, ndinalemba dzina la bambo anga ndili muofesi, n'kuikamo kapepala ka amama kaja. Pofika kunyumba ndinapeza adada ali ndi alendo awiri pakhonde, akulu anzawo a mpingo, amene anabwera kudzawachezera. Adada anaoneka osangalala koyamba chimwalirireni amama. Ataona envelopu ikusuzumira m'thumba la malaya anga, maso awo anawala ngati kale.

"A Roma afika! Bwerani, bwerani. Abale anga, uyu ndi mnyamata wabwino chomene, koma chaka chilichonse amalembera kalata anthu akufa. Positi ofesi yake ili ku tchalitchi kwawo."

Alendowo anaseka. Inenso ndinaseka, n'kukhala pansi, ndipo ndinayankha monga ndinkayankhira nthawi zonse, kuti chikondi sichithera pamanda. Tikanakhala awiri zikanathera pomwepo. Koma panali anthu omvera, ndipo tonse awiri tinali ndi matenda amodzi. Mmodzi wa alendowo anafunsa kuti ndimalemba yani. Ndinati bambo anga.

"Amene anamwalira inu muli ku pulayimale?" anatero adada. "Zaka zonsezi sanatulukebe? Kaya anachita chiyani bambo anuwo, kaya ndi makalata anu amene sakufika."

Alendo aja anaseka kwambiri, wina mpaka kupukuta misozi. Bambo anga ndinkawakumbukira pang'ono chabe, dzanja lawo pamutu panga ndi fungo la fodya, ndipo envelopu ija inali chinthu chokhacho chimene ndinkawachitira. Adada sanaone nkhope yanga, anali atatembenukira kwa anzawo.

"Ichi ndicho chimene ndimanena," anapitiriza. "Chipembedzo cha mantha. Onani mkazi wanga. Anafa akudziwa kumene akupita, sanafune kakalata ka munthu. M'nyumba muno, zaka makumi anayi, simunalowepo maganizo otere. Wakufa wafa, Mulungu waweruza, ife otsala timangovomera. Iye ankadziwa zimenezo kuposa ine."

Ndakhala ndikubwerera pakhonde limenelo kambirimbiri, kufunafuna kamphindi kamene ndikanaimirira n'kupita kukanyumba kanga. Kamphindiko kanalipo. Ndinakaona, ndipo ndinakadumpha dala. Ndinatulutsa envelopu, ndinasolola kapepala kaja, ndinakatambasula bwinobwino n'kukaika pathebulo pakati pa makapu, kuti onse atatu aone.

"Nanga zilembo izi n'za yani, adada?"

Anavala magalasi. Dzina linali limodzi, la mawu awiri, koma analiwerenga nthawi yaitali ngati ndi kalata ya masamba atatu. Alendo aja nawonso anawerama, ndipo dzinalo analidziwa, chifukwa analipo pa seshoni imene inamudula mwanayo. Nkhuku inakwera pakhonde n'kuyamba kujompha chinangwa, osapezeka woipirikitsa.

"Zaka zingati?" anafunsa adada, mawu ali pansi.

"Zisanu."

"Anabwera yekha kwa inu?"

"Eya."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anakankha kapepalako ndi chala chimodzi mpaka kanafika mbali yanga ya thebulo. "Tengani. Anapatsa inu, osati ine." Anaimirira, anapepesa alendo awo kuti mutu ukuwapweteka, n'kulowa m'nyumba. Alendowo anatsanzika kwa chitseko chotseka. Ine ndinatsala ndi makapu anayi ndi nkhuku ija, nditapambana mtsutso umene ndinaufunafuna zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo m'kamwa munali mowawa ngati ndatafuna mankhwala a malungo.

Mawa lake tiyi sanapezeke pakhonde, ndipo sanapezekenso. Adada sanandithamangitse, sanandikalipire, ankandipatsa moni m'mawa uliwonse. Koma dzina la a Roma linatha. Ndinasanduka a kalaliki. "Mwadzuka bwanji, a kalaliki?" Bwenzi kunditukwana kuli bwino.

Boma la Rumphi ndi laling'ono, ndipo akulu awiri aja anali ndi akazi awo. Pasanathe milungu iwiri nkhani inali itafika kumsika, itakula kale. Ena ankati amama ankapita ku Misa mobisa, ena ankati anamwalira atagwira kolona. Amayi ena a gulu lawo, omwe aja ananyamula bokosi, anayamba kufunsana ngati munthu wotero anayenera kuikidwa ndi zoyera. Mayi amene anatumikira mpingo wake moyo wonse, amene anandiuza ndi pakamwa pake kuti ndisadzamulembe, anasanduka wokayikiridwa ali m'manda, ndipo wondipatsa mbale ya ndiwo tsiku ndi tsiku ndinamubwezera zimenezo. Adada anapempha seshoni kuti apume pa ukulu. Anati ndi ukalamba. Makadi a mgonero anayamba kugawa munthu wina.

Ndinapita kukalapa. Wansembe anamvetsera, anandipatsa malipiro a machimo oti ndipemphere kolona, n'kundiuza kuti ndikapepese kwa munthu amene ndinamulakwira. Kolonayo ndinaichita tsiku lomwelo, chifukwa inali yosavuta. Kupepesako ndinazengereza mwezi wathunthu. Apa ndi pamene ndinamvetsa zimene adada ankanena, kuti ife Akatolika timathamangira kukabokosi kolapiramo ka wansembe chifukwa n'kofewa kuposa khomo la mnzako. Sindikuti anali olondola pa zonse, mpaka lero ndimalapa ndipo ndimakhulupirira kuti ndimakhululukidwa. Koma chikhululukiro chimenecho sichinayende m'malo mwanga masitepe khumi ochoka pakanyumba kanga kufika pakhonde lawo.

Tsiku limene ndinalimba mtima ndinawapeza akudulira malalanje. Ndinagwada pafumbi, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa iwo, n'kunena kuti ndinalakwa.

"Munanena bodza?" anafunsa osasiya kudulira.

"Ayi, adada."

"Ndiye mukupepesa chiyani? Dzukani, mudetsa buluku la kuntchito." Anadula nthambi ina, kenako anayankhula ngati akuuza mtengowo. "Zaka zisanu ankagona pambali panga ali ndi chinthu chimenechi. Ine ndinkaganiza kuti tinanyamula limodzi. Kani ndinamusiya yekha, mpaka kukapempha thandizo kwa mlendo." Chimene amama ankaopa chija chinachitika ndendende. Ndinayesa kunena kuti amama anandiuza okha kuti sanawaweruze, koma mawu ochokera pakamwa pamene panaswa lonjezo analibenso kulemera. Nyumba ya boma itapezeka mu Febuluwale, ndinasamuka, ndipo adada anandithandiza kukweza matilesi pangolo.

Ndinawaonanso bwinobwino kamodzi kokha. Kunali kumapeto kwa Okutobala wotsatira, cha m'ma leveni m'mawa, ndili muofesi. Wapakhomo anandiuza kuti kwabwera bambo wina wovala tayi. Analowa atawonda kwambiri, kolala ya malaya ikuchita kulendewera, ndipo anakhala pampando wa alendo, chipewa chili pabondo. M'dzanja lamanja anagwira envelopu yoyera, yomata kale, yosalembedwa kanthu kunja.

Anafunsa za ntchito. Anafunsa za mayi anga ku Dedza. Anati malalanje agwidwa ndi matenda opinda masamba, ndipo mvula chaka chimenecho ikuoneka kuti ichedwa. Nthawi yonseyi envelopu ija inkatembenuka m'zala zawo, uku ndi uku. Ndinaiona. Ndinkadziwa kuti ndi sabata iti ya chaka, ndipo iwonso ankadziwa. Mawu anali pamlomo, oti adada, kodi ndilandire? Koma ndinachita mantha. Ndinaopa kuti ndikafunsa, n'kupezeka kuti ndi kalata ya penshoni, ndikhala ndawalasanso pabala lomwe lija. Ndinaopanso kuti ikakhala imene ndinkaganizayo, zioneka ngati ndapambana kachiwiri. Pakamwa pomwe paja panatseguka pamene panafunika kutseka, tsiku limenelo panatseka. Tinakhala choncho mwina theka la ola.

"Yewo, a kalaliki," anathokoza m'Chitumbuka pomaliza, n'kuvala chipewa. Pakhomo anaima pang'ono, ngati munthu amene waiwala kanthu, kenako anatuluka. Ndinawayang'ana pawindo akuwoloka bwalo la maofesi, mphepo ikukupiza jekete, mpaka anaika envelopu ija m'thumba la mkati. Ndikanatha kuwathamangira, sanali kuyenda mofulumira.

Anamwalira mvula ili pakati, mu Januwale. Anawaimbira nyimbo zonse. Patapita masiku ndinafunsa mwana wawo wa ku Mzuzu uja ngati anapeza envelopu yoyera m'jekete la bambo ake. Anati mapepala analipo ambiri, ofunika anasunga, ena onse anatentha, ndipo sanakumbukire za envelopu iliyonse. Choncho sindidziwa chimene chinali m'katimo, ndipo sindidzadziwa.

Panopa ndinapuma ntchito, ndinabwerera kwathu ku Dedza, ndili ndi ana ndi zidzukulu. Mtsutso wa zachipembedzo ndinasiya. Mpongozi wanga wina ndi wa mpingo womwe uja, ndipo akayamba za mafano ndimangomuthirira tiyi. Okutobala akamatha ndimatenga envelopu. Ndimalemba bambo anga, ndi mayi anga amene anawatsatira, kenako dzina la mwana wa ku Chiweta uja, munthu amene sindinamuonepo, chifukwa mbali imeneyo yokha ya lonjezo ndi imene ndingathe kuisunga. Amama sindiwalemba, anakana okha. Ndikafika pamenepo cholembera chimaima pamwamba pa pepala. Chikhulupiriro changa chimandiuza kuti ndiwalembe adada, kuti pemphero silipweteka munthu, ndipo mtima umafunitsitsa. Koma ndinalowererapo kale kamodzi pa za banja limenelo popanda chilolezo. Adada anabwera mpaka muofesi mwanga, anakhala theka la ola, ndipo sanandipemphe, inenso sindinawafunse. Ndimasiya mzerewo wopanda kanthu, n'kumata envelopu.